Thabwa la Kuseri kwa Khoma

Tivi imene mapasa anatumizira bambo awo inali yaikulu ngati chitseko, ndipo inakhalitsa m'katoni kuseri kwa sofa mpaka fumbi linaizolowera. Make mapasa ankaidutsa m'mawa uliwonse beseni lili m'manja, n'kumaiponyera diso limene timaponyera mlendo wosanena tsiku lobwerera kwawo.

Amuna ake anthu ankawatchula kuti a Wezulo. Dzinali sanalitole pabwalo la mpira, poti moyo wawo wonse anali dalaivala wa basi. Analitola pasofa pawo pomwepo. Mpira ukangoyamba pa kanema, oyimbira weniweni ankakhala iwo: kuimirira, kuloza, kuliza mluzu ndi zala, kupereka makadi kwa anthu amene sankawamva n'komwe. Ukadutsa mumsewu unkadziwa zigoli osafunsa munthu.

Kenako sitiroko inawagwetsa m'bafa, mbali yonse ya kumanzere n'kufooka. Atatuluka m'chipatala, bedi linasamukira pabalaza chifukwa njinga yawo ya odwala sinkakwana pachitseko cha kuchipinda. Adokotala anati mawu sanathe, kungoti azituluka opotoka. Koma munthu amene anazolowera kudzudzula dziko lonse sakanalola kumveka ngati khanda. Masiku oyamba anayesako, mlendo wina n'kumangoti, “Mwati bwanji, bambo? Mwati bwanji?” Basi anatseka pakamwa. Nkhope anaitembenuzira kumanja, ku nsalu ya pawindo, ndipo kuchokera pamenepo mkazi wawo ankalankhula ndi nkhongo.

Mtsikana wa mafizo, amene ankabwera kudzawawongola miyendo, anakokera Make mapasa pakhonde tsiku lina. “Amayi, mkono ndi mwendo tilimbana nazo. Koma khosi lija likauma chonchija, mtima nawo n'kugona, ife tilibe mankhwala ake. Apezereni chinthu choti azichifuna. Chiyambire pamene diso lawo likufika, kenako muzichisunthira kumanzere pang'onopang'ono, azichilondola.”

Make mapasa ankadziwa chinthu chimodzi chokha chimene a Wezulo akanachilondola ngakhale kumoto. Anauza ana ake, anawo n'kutumiza tiviyo pamodzi ndi mkono wachitsulo wa zigongono ziwiri, woti ukaukhoma pakhoma tivi izibwera kutsogolo, izitembenukira uku ndi uko. Zonse zinali bwino kupatula khomalo.

Nyumbayo kale inali imodzi. Eni ake anaidula pakati ndi mabolodi a choko, aja opepuka amene amawakhomera pa timizati n'kupaka penti kuti azinamizira khoma. Ndilo linali khoma lokhalo la kumanzere kwa bedi. Ndipo kuseri kwake kunkakhala Nagogoda.

Nagogoda anali nesi wogwira ntchito usiku, choncho ankagona masana, nthawi imene anthu anzeru amaonera mpira. A Wezulo akakuwa, khoma linkayankha: gu! gu! gu! Mpini wa tsache. Dzinalo anamupatsa ndi a Wezulo omwewo, ndipo kwa iwo zinali masewera. Kwa Make mapasa sizinali masewera. Tsiku lina akaziwo anakumana pachingwe choyanikira zovala, anauzana zakukhosi mpaka zovala zinauma iwo akadali pomwepo, ndipo kuyambira apo moni wawo unali wa m'mphuno. Ngakhale a Wezulo atadwala, Nagogoda sanaponde pakhomo. Make mapasa anazisunga zimenezo mumtima, pamalo ouma bwino.

Loweruka lina m'mawa kunabwera mlongo wamng'ono wa Make mapasa, kalipentala wa pakamwa posatopa, atanyamula chikwama cha zida ndi matabwa pagalimoto.

“Alamu, mukadali chigonere?” anatero polowa. “Ine ndabwera kudzatenga achemwali anga, mwawatopetsa.”

Kale a Wezulo akanamubwezera mpaka iye n'kupempha madzi akumwa. Tsikuli nkhongo sinagwedezeke. Kalipentalayo anatembenukira kukhoma.

Analigogoda ndi nkhonya chapansipansi. Linalira ngati chigubu chopanda madzi. Anatulutsa kamaginito n'kumakayendetsa pakhomapo mpaka kanakakamira, analemba ndi pensulo, anapitiriza mtunda wautali, kanakakamiranso. Pamalo amodzi anaboola ndi kamsomali, n'kusuzumira ndi tochi. Kenako anakhala pansi n'kuyamba kukanda mutu, ndipo mlongo wake anadziwa kuti nkhani yavuta, chifukwa mwanayu ankakanda mutu choncho kuyambira ali kusukulu.

“Achemwali, pano palibe khoma. Timizati take si matabwa, ndi timalata topinda, ndiponso totalikirana.”

“M'katonimo muli kapaketi ka masikuluwu ndi timapulasitiki take. Anthu anapanga tiviyo sakudziwa ntchito?”

“Zimenezo n'za khoma la njerwa. Tandipatsani ndowa ija.”

Anaidzaza madzi n'kumuuza kuti aikumbatire pachifuwa. Anaikumbatira.

“Ikulemera?”

“Iwe, ine ndimanyamula alamu ako tsiku lililonse. Ndowa n'chiyani?”

“Tsopano itambasulireni kutsogolo, mikono iwongoke.”

Sanathe n'kamphindi komwe. Madzi anakhavukira pamapazi ake, iye n'kutukwana mwakachetechete.

“Mwaona? Ikanakhala yongomata kukhoma, ndikanapeza nzeru. Koma mkonowu ukatambasuka, tivi imakoka khoma ngati ndowayo. Lero igwira, mawa igwira, tsiku lina izula bolodi yonse. Ndipo pansi pake pagona ndani?”

Make mapasa anaika ndowa pansi. Anayang'ana mapazi a amuna ake amene anatulukira kunsi kwa bulangete.

“Njira ilipo imodzi,” anatero kalipentala. “Thabwa lochindikala mbali ino, lina lofanana nalo mbali inayo, onse odutsa pa timizati. Mabawuti aatali abowole khoma, agwire matabwa awiriwo pamodzi. Pamenepo ngakhale inuyo mutha kulendewerapo.”

“Mbali inayo iti?”

Analoza ndi mlomo.

“Ayi. Iike patebulo.”

“Njinga ya alamu idzera pati? Ndipo muziikoka nokha tebulo lonse tsiku ndi tsiku?”

“Ndiye pita iweyo. Uli ndi pakamwa pokoma.”

“Eni nyumba ndawaimbira kale, akuti iwo alibe nazo vuto bola mnzanuyo avomere. Mnzanuyo, osati mnzanga. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, achemwali.”

Make mapasa akanamumenya ndi ndowa yomweyo. Kukapempha kwa mkazi uja! Ndiponso nthawi yake imeneyo, dzuwa litangokwera, munthu atangogona kuchokera kuntchito, kukamuuza kuti tikufuna kuboola chipinda chanu kuti tikhomepo phokoso lalikulu kuposa lija munkadana nalo. Anaona kale mmene chitseko chidzamumenyere pamphuno. Koma anayang'ananso nkhongo ija. Imvi zinali zitachuluka, ndipo pilo anali atakumbika mbali imodzi yokha. Anachita mantha amene anali akuwabisa kwa ana ake pafoni, akuti munthuyu akupita ali moyo. Anavula epuloni, anapukuta mapazi, n'kutuluka.

Anaodira kawiri motsitsa, kachitatu mokweza. Nagogoda anatsekula maso ali psuu, kansalu kophimbira m'maso kali pamphumi.

“Kwagwanji? Abambo aja?”

“Ayi, ali bwino. Ali momwemo.” Mawu onse amene anawakonza panjira anabalalika. “Pepani ndakudzutsani. Ndabwera ndi pempho, ndipo mukakana sindikudandaulani.”

Anafotokoza mosokoneza, kuyambira pa mabawuti, kubwerera kwa mtsikana wa mafizo, kudumphira pa ndowa. Nagogoda anangomvetsera atatsamira chitseko, nkhope yosawerengeka.

“Ndiye mukuti thabwa likhale m'chipinda mwanga.”

“Eya.”

“Kuti abambo aziona mpira.”

“Eya.”

“N'kumakuwa.”

Make mapasa anagwetsa nkhope. “Ngati Mulungu alola.”

Nagogoda anachotsa kansalu kaja pamphumi n'kukapinda. “Lowani. Bedi ili ndi lolemera, sindingalikoke ndekha.”

Aka kanali koyamba kuti Make mapasa aone kuseri kwa khoma lake lomwe. Kachipinda kanali kakang'ono, mawindo otchingidwa ndi nsalu zakuda, yunifolomu yoyera italendewera pachitseko cha wadiropu. Bedi linagunda khoma lija ndendende, ndipo pakona panatsamira tsache, mpini wake utasalala kunsonga. Anachita ngati sanaliwone.

Atangogwira bedi kuti akoke, anamva mawu a mlongo wake ngati ali nawo m'chipindamo: “Alamu, tiwerenge limodzi. Akabwera atanyowa, ndiye kuti awathira madzi.” Anamva tepi yoyezera ikubwerera m'chikombole chake. Anamva ngakhale kupuma kwa amuna ake, kuja kokoka pang'ono.

Anaima chilili. Ngati izi zinkamveka chonchi, ndiye kuti zonse zinkamveka. Kuwanyengerera kuti adye. Tsiku lija anawakalipira kuti, “Mundiyang'ane, ndine mkazi wanu!” Kulira kwake kwa pasofa, kumene ankaganiza kuti akukudziwa ndi Mulungu yekha. Mkazi uyu ankagona mutu wake utatalikirana ndi zonsezo ndi kabolodi ka choko.

“Mumamva zonse,” anatero.

“Ngakhale supuni ikagwa.”

“Nanga osabwera bwanji?” Funsolo linatuluka lokha, ndi mkwiyo wake womwe.

Nagogoda anakhala pamphepete pa bedi. “Kangapo konse ndinafika mpaka pakhonde panu. Ndiye ndinkakumbukira za pachingwe paja, n'kuganiza kuti muziti ndabwera kudzaona mmene mwagwera. Ndinkabwerera.” Anasisita m'maso. “Ndikuuzeni zoona, mayi. Phokoso lija linkandipweteka, sindinkanamizira. Koma chigonereni abambo aja, ine tulo sindikulipeza. Kuntchito kwathu chipinda chikangoti zii timathamangirako. Ndiye ndimagona pano n'kumamvetsera ngati akupuma. Walira mvula walira matope. Ndinalira bata, ndi limeneli.”

Make mapasa anawerama. Anagwira bedi mwamphamvu, awiriwo n'kulikoka.

Ntchito inatenga m'mawa wonse. Kalipentala anayamba wazimitsa magetsi a nyumba yonse, ati waya wa m'khoma sachenjeza. Anayeza pofunika kukhala tivi atagwada pambali pa bedi la alamu ake, diso lake lili pamene pali diso lawo. Anaika thabwa loyamba, levulo yoonera ngati lawongoka ili pamwamba, mlongo wake atalikankha ndi phewa, ndipo anabwereza mpaka kathovu kanakhala pakati penipeni. Pobowola, choko chinatuluka ngati ufa n'kuyeretsa nsidze za onse. M'bowo lililonse analowetsamo kapaipi kachitsulo kodula molingana ndi kuchindikala kwa khoma, kuti pomanga mabawuti mabolodi asaphwanyike.

Mbali inayo anagwira thabwa ndi Nagogoda. Anakana kuti aitane munthu wina, ati manja amene amatembenuza odwala sangalephere thabwa. Make mapasa ankathamanga pakati pa makomo awiriwo, uku wanyamula mawashala a mabawuti, uku sipanala, mpaka anazindikira kuti akudzivutitsa chabe, poti anthuwo ankamvana bwinobwino kudzera m'khoma.

“Anesi, latuluka?”

“Latuluka, koma lapendekera!”

“Si bawuti limenelo, ndi maso a tulo!”

“Bwerani mudzaone nokha, a kalipentala a pakamwa!”

Anapita kukaona. Linalidi litapendekera. Anabwerako akuseka, analikonza, ndipo kuyambira pamenepo ankamufunsa kaye asanamange lililonse. Nagogoda ankagwira nati ndi sipanala, iye n'kumazungulitsa mbali ino, thabwa n'kumayandikira khoma mpaka linaluma. Atakhomerapo mkono wachitsulo uja, anautambasula wonse, anaugwira ndi manja awiri n'kunyamula miyendo yake m'mwamba. Khoma silinalire n'komwe.

Tiviyo anainyamula atatu, Nagogoda atazungulira kudzathandiza. Analowa pabalazapo mwaulemu, anapita kumanja kwa bedi kumene kunali nkhope ya a Wezulo, n'kugwada.

“Bambo, ndine uja wa tsache. Ndabwera kudzakhoma mdani wanga ndi manja anga.”

Diso la a Wezulo linamuyang'ana, kenako linabwerera ku nsalu ya pawindo.

Ataikoleka, tivi inati kwe m'malo mwake, kalipentala n'kumanga timasikuluwu totetezera kunsi. Nagogoda anakana tiyi, ati akagoneko pang'ono ntchito isanakwane. Make mapasa anamuperekeza mpaka pakhonde, ali ndi mawu ambiri oti anene, koma chimene chinatuluka n'chakuti, “Thabwalo tidzalipaka penti.”

“Lisiyeni. Ndikhomapo msomali wa yunifolomu.”

Mpira unayamba dzuwa litapendeka. Make mapasa anakoka tivi ndi dzanja limodzi, n'kudabwa kupepuka kwake. Anaitambasula mpaka inafika chakumiyendo kwa bedi, n'kuitembenuza kuti m'mphepete mwake mugwere pamene diso la amuna ake likanafika, monga ananenera mtsikana uja. Udzu wa pabwalo unawala m'nyumba monse. Anakhala pasofa, manja ali pamaondo, osaona mpira koma nkhongo.

Chigawo choyamba chinatha nkhongo ili chomwecho. Kunalowa chigoli, anthu a m'tivi anakuwa, a Wezulo osagwedezeka. Mtima wa Make mapasa unagwa. Anaganiza za ana ake amene ankadikira foni, za tulo la munthu limene analidula, za mabowo a m'khoma la eni ake. Anadzuka kukatsuka makapu oyera kale, kuti mlongo wake asamuone m'maso.

Ali kusinki anamva kalipentala akuwomba m'manja. Anasuzumira. Wosewera wina anali atadzigwetsa yekha pafupi ndi golo, popanda womukhudza, kugwa koti ngakhale Make mapasa amene sankadziwa malamulo anaona kuti ndi sewero. Oyimbira analoza penate.

“Eyaa!” anakuwa kalipentala, diso lina lili pabedi. “Penate yeniyeni imeneyo! Oyimbira uyu ndi katswiri, alamu. Sindinaonepo wachilungamo ngati ameneyu.”

Tivi inabwereza kugwa kuja pang'onopang'ono.

“Taonani mmene amuthyolera mwendo mwana wa eni ake! Akanapereka ndi khadi lofiira lomwe.”

Pilo analira. Make mapasa anaona khutu limene anali atalizolowera likusuntha, kenako tsaya, kenako mphuno. Khosi linkayenda movutika, ngati chitseko cha dzimbiri, likunjenjemera, koma linkayenda. Linadutsa pakati. Linapitirira pang'ono kumanzere, kumene linali lisanafikeko chichokereni kuchipatala. Tivi inabwerezanso kugwako. Milomo ya a Wezulo inalimbana yokhayokha, mbali imodzi ikukana.

“Bodza!”

Linatuluka lopotoka, lolemera, koma linadzaza nyumba. Kapu inapulumuka m'manja mwa Make mapasa n'kugwera m'sinki.

“Bodza bwanji, alamu? Mwendo uja...”

“Wa... wadzigwetsa! Mbava!” Dzanja lawo lamanja linamenya matiresi.

Kenako khoma, kuseri kwa tivi, pamene panali thabwa latsopano, linayankha.

Gu! Gu! Gu!

A Wezulo anatembenuzira maso kukhomako, khosi n'kuwonjezera kachidutswa kena. Theka la pakamwa pawo linakwera m'mwamba, mapewa n'kuyamba kugwedezeka.

“Na... gogoda,” anatero.

“Tamverani!” Make mapasa anatuluka kukhitchini manja akudontha madzi, misozi ili mbwe. “Miyezi yonseyi kuwasambitsa ndine, kuwadyetsa ndine, dzina loyamba kutchula n'la mkazi wa kuseri!”

Anaseka akulira, mlongo wake naye n'kumapukuta m'maso ndi chipewa chodzaza choko. A Wezulo anamuyang'ana mkazi wawo, maso ndi maso, ndipo anamugwedezera dzanja kuti asunthe, akutchinga penate.

Anasuntha. Anapita kukhoma, anaika chikhatho chake chonyowa pathabwa, pambali pa mutu wa bawuti. Mumtima ankathokoza onse: ana ake, mlongo wake wa pakamwa, mtsikana wa mafizo, ngakhale oyimbira wabodza uja. Koma koposa onse, munthu amene anagwira mbali inayo.

“Anesi,” anatero, osakweza mawu, poti tsopano ankadziwa kuti sipafunika kukweza. “Zikomo.”

“Chepetsani phokoso, anthu tikugona kuno,” anayankha anesiwo. Kenako anafunsa: “Yalowa penateyo?”

“Yaphonya!” anakuwa a Wezulo.